Sukulu ikatsekedwa chifukwa cha fuluwenza, ana atsala ndi ndani?

Uthenga woti sukulu yatsekedwa sufika pa nthawi yabwino. Umabwera madzulo pa wailesi, pa gulu la makolo la pa WhatsApp, kapena ndi mwana amene wabwezedwa m'mawa atavala kale yunifolomu. Mu Malichi 2008 boma la Hong Kong linalengeza usiku kuti sukulu zonse za pulayimale ndi za mkaka zitsekedwa kwa milungu iwiri kuyambira m'mawa mwake, ana angapo atamwalira pa nthawi imene fuluwenza inavuta. Kuno kwathu, pa 2 Januwale 2023, kutatsala tsiku limodzi kuti teremu iyambe, boma linati sukulu za m'mizinda ya Lilongwe ndi Blantyre zisatsegulidwe kaye chifukwa cha kolera, ndipo ana anakabwerera m'kalasi pa 17 Januwale. Matendawo ndi osiyana, koma chomugwera kholo ndi chimodzi: mawa kuntchito akumudikira, geni siingaime, ndipo ana aswera pakhomo.

Fuluwenza imasiyana ndi chimfine wamba chimene mwana amayenda nacho mamina ali chuchuchu koma akusewera. Imagwira modzidzimutsa. Mwana amene masana amathamanga ndi anzake, pofika usiku thupi latentha, mutu ukumupweteka, m'thupi monse mukuphwanya, akutsokomola mouma, ndipo ena amasanza kapena kutsegula m'mimba. Kachilombo kakalowa m'thupi pamapita tsiku limodzi mpaka masiku 4, kawirikawiri 2, zizindikiro zisanaoneke. Chovuta nchakuti munthu amayamba kupatsira ena kutatsala tsiku kuti iye mwini adwale, nkupitiriza kwa masiku 5 mpaka 7, ndipo ana aang'ono amatha kupitirira pamenepo. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limati chaka chilichonse anthu 3 mpaka 5 miliyoni amadwala fuluwenza mwakayakaya, ndipo pakati pa 290,000 ndi 650,000 amamwalira nayo.

Ana ndiwo amaiyendetsa kwambiri. Matupi awo sanakumanepo ndi mitundu yambiri ya kachilomboka, amakatulutsa kochuluka ndiponso kwa masiku ambiri, komanso amakhala mothinana. Amene analowapo mu sitandade 1 ya ana oposa 100, atakhala pansi mapewa akugundana, akubwerekana pensulo yomwe mnzawo amaitafuna, akudziwa kuti woyetsemula mmodzi Lolemba amadwalitsa anzake ambiri sabata isanathe. Kuchoka apo matenda amalowa m'nyumba, kwa khanda, kwa mayi woyembekezera, kwa agogo.

Kodi kutseka sukulu kumathandizadi? Kumathandiza, koma osati nthawi zonse. Mu Epulo 2009, fuluwenza ya mtundu watsopano ya H1N1 itabuka, Mexico inatseka sukulu m'dziko lonse. Ofufuza anapeza kuti m'dera la Mexico City, masiku 18 otseka sukulu pamodzi ndi njira zina zoletsa anthu kusonkhana anatsitsa kufala kwa matendawa ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu. Koma ku Hong Kong kuja, ataunika ziwerengero za odwala, anapeza kuti mu 2008 sukulu zinatsekedwa mliri utayamba kale kutsika, choncho kutsekako sikunasinthe zambiri. Ku America, kumayambiriro a Meyi 2009, sukulu zoposa 700 zinatsekedwa potsatira malangizo a bungwe la boma loona za matenda la CDC, koma pa 5 Meyi bungwelo linasintha maganizo: sukulu zitsegulidwe, odwala okha ndiwo azikhala kunyumba. Mu Sepitembala chaka chomwecho WHO inati kutseka kumapindula kwambiri kukachitika msanga, odwala asanakwane munthu mmodzi pa anthu 100 aliwonse, ndipo inachenjeza kuti kungajombetse kuntchito anthu 16 pa 100 aliwonse chifukwa chosamalira ana. Mwa ojombawo muli anamwino ndi azamba, omwe chipatala chimawafuna kwambiri pa nthawi yomweyo.

Apa ndi pamene pagona nkhani. Boma likatseka sukulu, langochotsa ana m'kalasi. Ngati matenda aduke kapena ayi, zikutengera kumene anawo akaswere. M'chigawo cha Yancey ku North Carolina, ku America, sukulu zitatsekedwa chifukwa cha fuluwenza mu Novembala 2006, ofufuza anapeza kuti pafupifupi ana 9 mwa 10 aliwonse anapitabe kumalo osonkhana anthu monga m'sitolo, kutchalitchi ndi kodyera. Kwathu kuno malo otere timawadziwa: kachipinda ka vidiyo kopanda zenera kodzaza ana, mzere wa pa mjigo, kuchigayo, ndi makalasi a pati taimu pamene mphunzitsi amasonkhanitsa ana makumi atatu pakhonde la nyumba yake. Kholo limalipira pati taimu ndi mtima wabwino, kuti mwana asabwerere m'mbuyo, koma potero lamubwezera m'kalasi yomwe boma latseka, ndipo nthawi ino muli ana a sukulu zingapo zosiyana. Banja limene lakonza bwino za ana ndi limene lawasunga m'kagulu kakang'ono, ka ana omwewo tsiku ndi tsiku, pansi pa munthu wamkulu amene fuluwenza singamupweteke kwambiri, ndipo chakudya chikupezekabe m'nyumba.

Madzulo oyamba

Musanagone tsiku la uthengalo, funsani a hedi kapena a komiti ya sukulu zinthu zochepa koma zofunika. Atseka kalasi imodzi kapena sukulu yonse, ndipo mpaka liti? Atseka chifukwa ana ambiri adwala kale, kapena pofuna kupewa? Phala lija lipitirira mwa njira ina kapena laima? Yankho la funso lachiwirili ndilo limasintha zonse. Ngati m'kalasi mwa mwana wanu mwadwala ambiri, muwerengereni kuti mwina ali nako kale kachilomboko ngakhale akuoneka wathanzi, ndipo kwa masiku 4 oyamba asayandikire khanda, woyembekezera kapena okalamba. Masiku 4 akatha osatentha thupi, mtima ukhale m'malo.

Tsiku lotsegulira limene alengeza musalikhulupirire kwambiri. Pa 23 Malichi 2020 sukulu za m'Malawi zinatsekedwa chifukwa cha Covid-19. Olemba mayeso anabwerera pa 7 Sepitembala, ena onse pa 12 Okutobala. Fuluwenza kawirikawiri satsekera nthawi yaitali chotero, imakhala sabata imodzi kapena ziwiri, koma akanena sabata imodzi inu konzekerani ziwiri.

Kenako tengani pepala muwerenge maola, osati masiku. Makolo ambiri amadzidzimuka ngati kuti tsiku lonse lawagwera, pamene mpata weniweni ndi wa m'mawa wokha. M'sukulu zambiri za boma ana aang'ono amaweruka cha kumasana, ndipo banja lili kale ndi njira yowasungira kuyambira pamenepo mpaka madzulo. Chofunika kutseka ndi kuyambira cha m'ma 7 koloko mpaka nthawi yoweruka. Maola 5 kapena 6 pa tsiku ndi osavuta kugawana kusiyana ndi tsiku lathunthu: bambo wolowa shifiti ya masana angakhale ndi ana m'mawa, mayi nkuwalandira akabwera kumsika. Bambo atchulidwe dala pano, chifukwa m'mabanja ambiri nkhaniyi imangogwera mayi popanda kukambirana, ngakhale pamene geni ya mayiyo ndiyo imagula ndiwo tsiku lililonse. Funso loyenera kufunsana ndi lakuti ndani akajomba banja litaya zochepa, ndipo ndani angabweze maola ake tsiku lina.

Osunga ana, ndi pamene njira iliyonse imaphonya

Njira imene imagwira bwino kwambiri m'makomboni ndi m'midzi momwe ndi yolandirana pakati pa nyumba ziwiri kapena zitatu zoyandikana, monga mmene chipereganyu chimayendera: lero ana onse ali kwa uje, mawa kwa uje, ndipo kholo lililonse limajomba tsiku limodzi mwa atatu m'malo mojomba onse. Akuluakulu anati mwana wa mnzako ngwako yemwe, koma pa nthawi ya mliri mawuwa amafuna malire. Ana asapose 5 kapena 6. Akhale omwewo mpaka sukulu itsegulidwe, osati lero kuonjezera msuweni wochokera ku Bangwe, mawa mwana wa mnzanu wa kutchalitchi. Mwana mmodzi wolowa m'magulu awiri amalumikiza magulu onsewo kukhala limodzi. Aziswera panja pamthunzi kapena pakhonde, osati m'chipinda chotseka mazenera ataunjikana pa TV. Aliyense abwere ndi kapu, mbale ndi supuni yake. Pakhale mpondagiya kapena ndowa ya mpopi ndi sopo, asambe m'manja kwa masekondi 20 asanadye ndiponso akamina. Kusamba m'beseni limodzi mosinthana kumangogawa zomwe woyamba wasiya m'madzimo.

Lamulo limene limathetsa magulu ambiri ndi la mwana wodwala, choncho mugwirizane tsiku loyamba, asanadwale aliyense. M'mawa uliwonse kholo limugwire mwana pachipumi ndi m'khosi, kapena limuyeze ngati kachipangizo koyezera kalipo, akafika 37.5 m'khwapa, kapena akutsokomola ndi kufooka, asapite. Chimene chimachitika nchakuti mayi wofulumira kukaoda tomato amamwetsa mwana Panado 6 koloko, thupi nkuzizira, nkumusiya kwa neba. Pofika 11 koloko mankhwala atha mphamvu, mwana wagona pamkeka pakati pa anzake, ndipo pomatha sabata nyumba zitatu zonse zili ndi odwala. Mayiyo sanachite mwankhanza, anasowa pogwira. Nchifukwa chake mgwirizano uyenera kunenanso chimene enawo amuchitire amene mwana wake wadwala: kumugulitsirako katundu pa benchi, kumutungirako madzi, kumugulirako makala.

Za chakudya zikambidwenso poyera. M'sukulu zambiri mwana amadya phala, la Mary's Meals, la WFP kapena la makolo eni ake, ndipo sukulu za mkomba phala zikatsekedwa pamodzi ndi za pulayimale, chakudya cha m'mawa cha ana onse chimabwerera pa thumba la banja. Nyumba iliyonse ipereke ufa molingana ndi chiwerengero cha ana ake, wosunga ana asamatsale ndi thumba lopanda kanthu. Phala lokhutitsa limatheka ndi makapu 4 a ufa wa mgaiwa pa kapu imodzi ya nsinjiro kapena ufa wa soya wokazinga, kuthirako supuni ya mafuta ophikira ndi kamchere.

Njira imene ambiri amathamangira ndi ya agogo, ndipo ndi imene imatidetsa nkhawa kwambiri. Fuluwenza imene mwana wa zaka 9 amadzuka nayo pakatha masiku ochepa imatha kugonetsa munthu wa zaka 65 kapena kuposa m'chipatala ndi chibayo. Ena amene ali pa chiopsezo chomwecho ndi oyembekezera, ana osakwana zaka 5 makamaka osakwana 2, odwala shuga, mtima, mphumu ndi TB, ndi amene ali ndi HIV makamaka ngati chitetezo chatsika. Kukweza ana minibasi kuti akakhale kumudzi kumaonjezera vuto lina: amayenda maola angapo atathinana ndi anthu ena, nkukatula matenda kumudzi kumene chipatala chili kutali. Nchimodzimodzinso sukulu yogonera konko ikabweza ophunzira onse tsiku limodzi; wobwerayo agone payekha masiku 4 oyamba. Ngati palibiretu wina koma agogo, apatsidwe ana athanzi okhaokha, masiku 4 aja atadutsa, aziswera nawo panja, asagone nawo pa mphasa imodzi, ndipo mwana akangoyamba kutentha thupi achotsedwe tsiku lomwelo.

Palinso mwana wamkulu, amene kawirikawiri amakhala mtsikana. Kusiyira ang'ono ake mwana wa zaka 15 kwa maola angapo nkotheka. Kusiyira khanda mwana wa zaka 9 ndi kuika onse awiri pangozi. Ngozi zake zimadziwika: mbaula yamoto ndi mphika wa phala lowira, ndowa kapena beseni la madzi limene mwana wokwawa amagweramo chamutu, chitsime chosavundikira, parafini wosungidwa m'botolo la zakumwa, mankhwala a makoswe, machesi, msewu. Phikiranitu m'mawa ndi kuzimitsa moto musananyamuke. Khuthulani kapena vundikirani madzi. Pezani neba wamkulu amene wavomera, osati amene mukungoganiza kuti aziona, kuti azisuzumira nthawi zodziwika, mwina 9 koloko ndi 12 koloko. Nambala yanu ya foni ilembedwe pakhoma. Ndipo ngozi ina siichokera kumoto kapena kumadzi. Kafukufuku wa boma mu 2020 anapeza atsikana oposa 40,000 amene anatenga pakati ndi maukwati a ana pafupifupi 13,000 m'miyezi imene sukulu zinali zotseka. Mtsikana wotsala yekha pakhomo tsiku ndi tsiku, aliyense pamalopo akudziwa nthawi imene makolo amachoka ndi kubwera, amafunika munthu wamkulu wodalirika pafupi. Nambala ya 116 ndi yaulere ndipo ndi yothandiza ana amene akuchitiridwa nkhanza; mwana wamkuluyo aidziwe.

Kupita naye mwana kugeni nthawi zina kumaposa kumusiya yekha, bola ali bwino, malowo ndi a panja, ndipo akhala pambali panu osati kuzungulira msika ndi anzake. Wodwala asapite. Amene muli ndi wantchito wa pakhomo kumbukirani kuti ana akenso atsekeredwa sukulu, ndipo ntchito yake yachuluka. Muonjezereni kangachepe, mumuchepetsere zina monga kusita, ndipo mumuuze momveka kuti akadwala akhale kunyumba malipiro osadulidwa. Mukapanda kutero adzabisa matenda nkubwera, ndipo ndiye amene amanyamula khanda lanu.

Kuntchito

Lamulo la ntchito la Malawi la chaka cha 2000 limapereka tchuthi cha matenda kwa amene wagwira miyezi 12: milungu 4 pa malipiro onse ndi milungu 8 pa theka, pa chaka, atapereka kalata ya kuchipatala. Koma tchuthichi ndi cha wantchito amene wadwala yekha, osati chosamalira mwana kapena chifukwa sukulu yatsekedwa. Chotsala ndi tchuthi cha pachaka, masiku 18 kwa ogwira masiku 6 pa sabata ndi 15 kwa ogwira masiku 5, kapena chimene mungagwirizane ndi abwana. Ku Zambia lamulo la 2019 linapita patsogolo: amene wagwira miyezi 6 ali ndi masiku 7 olipidwa pa chaka odwazika mwana, mkazi kapena mwamuna wake, ndi ena 3 a zokhudza chisamaliro, umoyo kapena maphunziro a mwana. Ku South Africa alipo masiku 3 olipidwa pa chaka kwa amene wagwira kupitirira miyezi 4 ndipo amagwira masiku 4 kapena kuposa pa sabata, koma amagwira ntchito mwana akadwala, osati sukulu ikangotsekedwa. Ku Britain wantchito ali ndi ufulu wochoka kwa kanthawi kuti akonze za mwana dongosolo la chisamaliro likasokonekera mwadzidzidzi, ngakhale kuti olemba ntchito sakakamizidwa kulipira nthawiyo.

Popeza lamulo lathu silikutetezani mokwanira apa, kalankhulidwe ndiko kamapulumutsa. Auzeni abwana usiku womwewo, osati m'mawa ntchito itayamba, ndipo mupite ndi yankho m'manja: "Bwana, sukulu ya ana atseka mpaka Lachisanu la sabata yamawa. Ndapeza wondisungira masiku atatu. Lachiwiri ndi Lachinayi ndikupempha kulowa 1 koloko, maolawo ndibweza Loweruka, kapena muwachotse pa tchuthi changa." Pempho lotere nlovuta kulikana kusiyana ndi kungoti simubwera. Mukagwirizana, tumizani uthenga wa pafoni wobwereza zomwe mwamvana, kuti pa tsiku la malipiro pasadzakhale mkangano. Kunama kuti mwadwala ndinu kumaoneka kophweka, koma kumafuna kalata ya kuchipatala, ndipo fuluwenzayo ikadzakugwirani zenizeni sabata yotsatira, monga zimachitikira osamalira ana odwala, mudzasowa chonena. Olemba ntchito nawo aziwerengera bwino: wantchito amene wakanizidwa theka la tsiku amabwera ndi matenda a kunyumba kwake, nkugonetsa anzake a mu ofesi kapena m'fakitale.

Ogwirira ntchito kunyumba pa kompyuta asalonjeze maola 8 ali ndi mwana wa zaka 4 pambali, magetsi akuzimazima, bandulo ikutha. Lonjezani ntchito yomwe ithe, ndipo igwiridwe m'zigawo: m'mamawa ana asanadzuke, masana akagona, madzulo mnzanu akafika.

Ambiri mwa ife sitili pa ntchito yolembedwa. Wa ganyu, wa kabaza, wogulitsa mandasi kapena kaunjika, tsiku limene sanatuluke ndi tsiku lopanda ndalama. Wogulitsa zoonongeka msanga monga tomato, masamba ndi nsomba zaziwisi aode zochepa m'masiku amenewa, chifukwa mwana akadwala usiku katunduyo aolera m'dengu. Ogulitsa moyandikana angasinthane, wina m'mawa wina masana, aliyense akugulitsa za onse awiri ndi kulemba m'kabuku. Mpamba usadyedwe wonse. Ngati ngongole ndi yosapeweka, thumba la zadzidzidzi la ku banki mkhonde ndi lopepuka kusiyana ndi katapila, amene chiwongoladzanja chake chimapitirira ngakhale sukulu itatsegulidwa kalekale.

Mwana akadwala

Kuno kutentha thupi kulikonse kuyezedwe malungo tsiku lomwelo kapena pasanathe maola 24, ngakhale mudzi wonse ukunena za fuluwenza. Zizindikiro zoyamba zimafanana, ndipo mwana amatha kukhala ndi zonse ziwiri. Kwa ana a miyezi 2 mpaka zaka 5, alangizi a zaumoyo a m'zipatala za m'midzi amayeza ndi kupereka LA ngati malungo apezeka. Khanda losakwana miyezi 2 likatentha thupi, ndi la kuchipatala basi, osayesa kaye za kunyumba.

Ngati si malungo ndipo mwana akumwa ndi kupuma bwino, chisamaliro chake ndi kupumula, zakumwa zambiri, kuyamwa pafupipafupi, ndi paracetamol woyezedwa ndi kulemera kwake, komwe kwalembedwa m'kabuku ka kusikelo. Muyeso ndi mamiligalamu 10 mpaka 15 pa kilogalamu iliyonse, maola 6 aliwonse, osapitirira kanayi pa maola 24. Wamadzi wolembedwa 120 mg pa 5 ml, mwana wa makilogalamu 8 amamwa 5 ml. Wa makilogalamu 16 amamwa 10 ml kapena theka la piritsi la 500 mg. Lembani nthawi papepala, chifukwa pamene osamalira akusinthana ndi pamene mwana amamwetsedwa kawiri. Mankhwala ambiri a chimfine a m'golosale ali kale ndi paracetamol mkati, ndiye musaphatikize. Aspirin asapatsidwe mwana wosakwana zaka 16. Pa matenda ngati fuluwenza amatha kuyambitsa vuto loopsa la chiwindi ndi ubongo, choncho werengani pa paketi musanamwetse. Amoxicillin ndi Bactrim sapha kachilombo ka fuluwenza. Otsala a m'kabati asaperekedwe popanda dokotala. Akasanza kapena kutsegula m'mimba, sungunulani paketi imodzi ya Thanzi ORS mu lita imodzi ya madzi abwino, azimwa pang'onopang'ono.

Chimene kholo lililonse ndi wosunga ana aliyense ayenera kuchidziwa ndi kuwerenga mpweya. Mwana ali phee, osalira, vulani malaya, ikani wotchi ya pafoni pa mphindi imodzi yathunthu, muwerenge kangati chifuwa chikukwera. Kuyambira miyezi 2 mpaka 12, akafika 50 ndiye kuti akupuma mofulumira; kuyambira chaka chimodzi mpaka zaka 5, malire ndi 40; khanda losakwana miyezi 2, ndi 60. Yang'ananinso m'munsi mwa nthiti: mukamalowa mkati pamene akukoka mpweya, ndi chizindikiro cha chibayo. Nyamukani naye kupita kuchipatala nthawi yomweyo, usiku kapena masana, ngati akukanika kumwa kapena kuyamwa, akusanza chilichonse, wakomoka, akuvuta kudzutsa, milomo yachita bii, kapena watha maola ambiri osakodza. China chimene chimanyenga makolo nchakuti mwana amaoneka ngati wachira, kenako patapita tsiku kapena awiri thupi litenthanso ndipo chifuwa chikula. Apo kawirikawiri mabakiteriya alowerera m'mapapo, ndipo ndi pamene mankhwala aja amafunikadi, operekedwa ndi achipatala. Kwa amene ali pa chiopsezo chachikulu alipo mankhwala a fuluwenza enieni otchedwa oseltamivir, omwe amagwira bwino akayambidwa pasanathe maola 48, ndiye iwowa asadikire kuti aone kaye. Uphungu wa pafoni umapezekanso ku Chipatala cha pa Foni.

M'nyumba ya chipinda chimodzi kapena ziwiri kupatula wodwala nkovuta, koma zina zimatheka. Womusamalira akhale mmodzi, amene si woyembekezera ndiponso alibe matenda aja. Wodwalayo agone pa mphasa yake, kutalikirana ndi ena mita imodzi kapena kuposa, ndipo ngati malo achepa, ena agone mitu italoza kwina. Zenera ndi chitseko zikhale zotsegula masana. Womusamalira avale masiki akamamuyandikira, asambe m'manja akamupukuta mamina, ndipo kansalu kopukutira kachapidwe ndi sopo nkuyanikidwa padzuwa. Mayi woyamwitsa akadwala asasiye kuyamwitsa. Avale masiki, asambe m'manja, ayamwitse. Katemera wa fuluwenza sali pa ndandanda wa akatemera a kusikelo kuno, koma abale okhala ku South Africa, kumene nyengo yake imakhala m'miyezi yozizira kuyambira cha mu Meyi, ndi a ku Britain, kumene ana a sukulu amalandira wopopera m'mphuno, angamupeze chaka chilichonse nyengoyo isanayambe.

Za maphunziro tisadzipanikize nazo. Sabata imodzi kapena ziwiri sizigwetsa mwana. Ola limodzi m'mawa lowerenga mokweza ndi kuchita masamu a m'buku lake nlokwanira kwa wamng'ono. Wa sitandade 8, folomu 2 kapena folomu 4 apatsidwe maola ake owerenga osadodometsedwa, asasanduke mlezi wa tsiku lonse.

Mwana amene anadwala abwerere m'gulu la anzake kapena kusukulu pokhapokha atatha maola 24 osatentha thupi popanda kumwa Panado. Ku Japan lamulo ndi lolimba kuposa apa: wophunzira amakhala kunyumba masiku 5 kuchokera pamene anayamba kudwala, komanso masiku 2 kuchokera pamene thupi linazizira, atatu kwa a sukulu za mkaka. Amene angakwanitse muyeso wa ku Japan atsatire umenewo, chifukwa ana amatulutsa kachilombo nthawi yaitali. Kachifuwa kotsalira kamatha kukhala milungu iwiri kapena kuposa, ndipo pakokha sikaletsa mwana kupita kusukulu ngati thupi lazizira ndipo mphamvu zabwerera. Sukulu ikatsegulidwa odwala amatha kuchulukanso ana akangosakanikirana, choncho mgwirizano wa maneba usathetsedwe tsiku lomwelo. Usiyeni ulipo kwa milungu ina iwiri, ndipo abwana muwadziwitsiretu kuti mwina mudzapemphanso tsiku limodzi kapena awiri.